Ligi, chipulula kapena makwerero: tichonge bwanji mapulogalamu a bawo a ophunzira athu?

Mphunzitsi akangolengeza kuti semesita ino gulu lililonse lipanga pulogalamu ya pakompyuta yosewera bawo, ndipo kumapeto kwake mapulogalamuwo adzalimbana okhaokha, kalasi yonse imadzuka. Ngakhale uja amakhala kumbuyo n'kumangotokosa foni amayamba kufunsa mafunso. Ana athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene akuphunzira zamakompyuta ku Blantyre kapena ku Thyolo safuna kuwauza kuti bawo n'chiyani. Anakulira pambali pa madala amene amatandala akusewera pansi pa mitengo ya nimu pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. N'chifukwa chake phunziro la AI, luso lopangitsa kompyuta kuganiza ngati munthu, likalowera ku bawo limawagwira mtima msanga. Mutu umadzauma tsiku lopereka malikisi.

Pali mafunso awiri amene aphunzitsi ambiri timawaphatikiza. Loyamba ndi lakuti, pa mapulogalamu onsewa, yamphamvu ndi iti? Lachiwiri ndi lakuti, mwa ana anayi a m'gulu ili, ndani waphunzira chiyani? Mpikisano umayankha loyamba lokha, ndipo nthawi zina umaliyankha mokhota. Koma digiri imene mwana adzanyamule imalonjeza lachiwirilo. Njira zili m'munsizi ndikuziyeza pa mafunso awiriwa, komanso pa zimene tili nazo kuno kuchigwa: makompyuta owerengeka, magetsi ozimazima, dzuwa loswa mtengo, ndi bandulo yodula.

Chipulula

Ichi ndicho ophunzira amachikonda. Wagonja watuluka. Magulu 16 amangofuna masewero 15, tsiku limodzi zonse zatha, holo yadzaza, anthu akuwomba m'manja. Koma tiyeni tiwerenge. Tinene kuti pulogalamu yoposa zonse imapambana magemu 70 pa 100 aliwonse ikakumana ndi ina iliyonse. Kuti itenge chikho iyenera kupambana kanayi motsatizana, ndipo mwayi wake umatsika kufika pa 24 pa 100. Ndiye kuti mukachititsa mpikisanowo kanayi, katatu chikho chipita kwa ena. Theka la kalasi limatuluka pa gemu yoyamba, ndipo gulu limene lakhetsa thukuta miyezi itatu n'kugwera akatswiri pa ndime yoyamba limalembedwa pamzere umodzi ndi limene linayamba ntchito dzulo usiku. Chipulula chichitike ndithu, pa tsiku lotsekera, kwa magulu anayi kapena asanu ndi atatu apamwamba. Koma malikisi asachokere pamenepo.

Ligi

Apa gulu lililonse limakumana ndi linzake lililonse, monga zimakhalira mu ligi yaikulu ya mpira wamiyendo, pomwe timu iliyonse imasewera ndi inzake pakhomo ndi koyenda. Ku bawo pakhomo ndi koyenda ndi nkhani ya amene wayamba kuponya, choncho magemu azigawidwa pakati, theka ayambe awa, theka ayambe awo. Pa funso la pulogalamu yamphamvu, ligi imayankha bwino kuposa chipulula kutalitali. Tsoka la tsiku limodzi silikugwetsa.

Mtengo wake ndi nthawi. Magulu 12 amapanga mapeyala 66, koma magulu 30 amapanga mapeyala 435. Ndipo gemu imodzi pa peyala siyokwanira. Mapulogalamu awiri ofanana mphamvu ndendende akasewera magemu 10, pafupifupi kamodzi pa katatu imodzi mwa iwo idzapambana 7 kapena kuposa, mwamwayi chabe. Mphunzitsi woona 7 kwa 3 amaganiza kuti wapeza katswiri pomwe sanapeze kanthu. Mukakweza kufika pa magemu 20 pa peyala, magulu 30 aja afuna magemu 8,700. Gemu iliyonse ikatenga mphindi ziwiri, amenewo ndi maola 290, masiku 12 kompyuta imodzi ikugwira usana ndi usiku osazima. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Ana anachita ku Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, sitingamange ndondomeko ya mayeso pa chiyembekezo chakuti magetsi akhala masiku 12 osaphethira. Amene wasankha ligi aonetsetse kuti pulogalamu yoyimbira masewero ikusunga zotsatira gemu iliyonse ikangotha, kuti magetsi akabwera ipitirize pomwe inalekera.

Pali msampha wina umene ambiri sauona. Mapulogalamu ambiri a ophunzira alibe zamwayi m'kati mwake: ukawapatsa bolodi lomwelo amaponya chimodzimodzi. Awiri otere akasewera magemu 20 kuyambira poyambira pa masiku onse, mwaona magemu awiri okha obwerezedwa kakhumi. Mankhwala ake ndi kukonzeratu poyambira posiyanasiyana, monga kulola kompyuta iponye mwachisawawa maulendo awiri kapena anayi oyamba, kenako mapulogalamu awiriwo asewere poyambira pamenepo kawiri, mosinthana mbali.

Ngakhale zonsezi zitakonzedwa, malo amene gulu lapeza pa ligi amadalira amene alowa nawo. Mu 1980 Robert Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan anachititsa ligi ya mapulogalamu pa masewero amene osewera awiri amasankha mobwerezabwereza kugwirizana kapena kuchenjererana. Inapambana inali pulogalamu yaifupi kwambiri ya Anatol Rapoport, imene imayamba ndi kugwirizana kenako n'kumangobwezera zimene mnzake wachita ulendo wathawo. Pulogalamu imeneyi singapose mnzake aliyense pa mapointi akakumana awiri, koma pophatikiza mapointi onse inakhala pamwamba, chifukwa cha mtundu wa anzake amene analipo. Mu 2004, pa mpikisano wokumbukira woyambawo, gulu la ku yunivesite ya Southampton linalowetsa mapulogalamu ambirimbiri amene ankazindikirana ndi kaponyedwe koyambirira, ndipo ena ankadzigonjetsa dala kuti anzawo akwere. Anakweradi. M'kalasi mwathu zotere n'zotheka: gulu limene lataya mtima likhoza kupereka magemu kwa anzawo ogona nawo hositelo imodzi. Choncho gulu limodzi, pulogalamu imodzi, ndipo pulogalamu isauzidwe dzina la amene ikusewera naye.

Chimene chimandiwawa kwambiri pa ligi si masamu ayi. Malikisi akamangiriridwa pa malo a pa ligi, pamayenera kupezeka wotsiriza ngakhale kalasi yonse itachita bwino. Mwana amazindikira msanga kuti kuthandiza mnzake ndi kudzitsitsa yekha. Ana ochokera kuno ambiri amafika ku yunivesite opanda laputopu yawoyawo. Amabwerekana, amagawana bandulo, amaphunzitsana usiku. Njira yochongera imene imawaphunzitsa kubisirana nzeru yawalanda chinthu chimene chinawafikitsa kumeneko.

Njira ya Swiss ndi manambala a Elo

Kalasi ikakula, ena amathawira ku njira ya Swiss, imene inayamba pa mpikisano wa chess ku Zurich mu 1895. Palibe wotuluka, koma ndime iliyonse opambana amakumana ndi opambana anzawo, ogonja ndi ogonja anzawo. Magulu 30 angathe ndi ndime zisanu, mapeyala 75 m'malo mwa 435. Imapeza bwino wapamwamba ndi wapansi, koma pakati imasakaniza, ndipo pakatipo ndi pamene pali ophunzira ambiri. Ndi yabwino posankha amene alowe chipulula cha tsiku lotsekera. Siyoyenera kusiyanitsira mwana wa malikisi 58 ndi wa malikisi 64.

Manambala a Elo ndi nkhani ina. Anawakonza Arpad Elo, ndipo bungwe la chess la dziko lonse, FIDE, linayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1970. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi nambala imene imakwera ikapambana ndi kutsika ikagonja, ndipo kugonjetsa wamphamvu kumakweza kwambiri kuposa kugonjetsa wofooka. Woposa mnzake ndi 200 amayembekezeka kutenga mapointi 76 pa 100, woposa ndi 400 amatenga khumi mnzake akatenga imodzi. Mark Glickman mu 1995 anawonjezerapo muyeso wosonyeza kuti nambalayo ndi yodalirika bwanji, ndipo Microsoft inapanga njira yofanana nayo yotchedwa TrueSkill ya masewero a pa Xbox. Ubwino wa manambala otere ndi wakuti mpikisano umayenda semesita yonse. Gulu limatumiza pulogalamu madzulo, m'mawa laona pamene lili, lakonza, latumizanso. Mpikisano wa mapulogalamu wa Battlecode umene umachitika ku yunivesite ya MIT ku America mwezi wa Januwale umapatsa magulu mwayi wotere woyesana mpikisano weniweni usanafike, ndipo pamenepo ndi pamene ophunzira amaphunzira zambiri.

Koma taganizirani mwana amene wapita kwawo ku Muona kapena ku Makhanga nthawi ya dzinja, msewu waduka, netiweki ikubwera ndi kupita, foni akukatchajitsa pa sola ya pa golosale. Mnzake wa ku Namiwawa watumiza kakhumi, iye kamodzi. Nambala ya Elo idzasonyeza kusiyana kwa awiriwa, koma kusiyanako si kwa nzeru kokha. Elo ikhalepo yowadziwitsa ophunzira mmene akuyendera. Isalowe m'kaundula wa malikisi.

Makwerero a mphunzitsi

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi iyi. Mphunzitsi amapanga yekha mapulogalamu angapo osiyana mphamvu, ndipo gulu lililonse limakwera makwerero amenewa palokha, osayang'ana za anzake. Pansi penipeni pamakhala pulogalamu yongoponya mwachisawawa. Pamwamba pake yadyera, imene imangosankha pomwe idye nkhomo zambiri pompano osaganiza zamawa. Yachitatu imayang'ana patsogolo maulendo anayi ndi njira ya minimax, yoganizira kuti mdani nayenso aponya mwanzeru zake zonse, n'kumadumpha kaponyedwe kosafunika kuunika ndi njira ya alpha-beta. Yachinayi ndi yamphamvu ndithu, mwina ya Monte Carlo tree search, njira yoyesa magemu ambirimbiri mwachisawawa kuti ione kuponya kopindulitsa, imene inatchuka kuyambira 2006 pa masewero a pabolodi otchedwa Go. Tsiku loyamba la semesita ophunzira amauzidwa poyera kuti kugonjetsa iliyonse ndi malikisi angati, ndipo kugonjetsa kwake ndi kupambana magemu 15 pa 20. Nambala imeneyi siyongotola: pulogalamu yongofanana mphamvu ndi ya mphunzitsi ingafike pa 15 mwamwayi kawiri kokha pa 100.

Onani zimene zasintha. Kalasi yonse ikhoza kukhoza, ndipo kuthandiza mnzako sikukuchotsera kanthu. Muyeso ndi umodzimodzi chaka chino ndi chaka chamawa, choncho mphunzitsi angathe kuona ngati kaphunzitsidwe kake kakupita patsogolo. Magemu ndi 2,400 pa magulu 30, osati 8,700, ndipo a pa makwerero awiri apansi amatha msanga. Choposa zonse, mwana wa ku Muona uja akhoza kutenga mapulogalamu atatu oyambirira pa fulashi n'kumayesa ntchito yake kwawo popanda intaneti. Makwererowo amatsatanso maphunziro eni ake. Amene walephera kugonjetsa yachisawawa sanamve malamulo kapena code yake, malangizo amene walembera kompyuta, ili ndi vuto. Amene wagonjetsa yadyera wamva kuyang'ana patsogolo. Amene wagonjetsa yachitatu waganiza mozama za mmene angayezere kuti bolodi lili bwino kapena ayi, kupyola kungowerenga nkhomo.

Zofooka zake zilipo. Gulu lochenjera likhoza kuphunzira zizolowezi za pulogalamu ya mphunzitsi n'kuloweza kaponyedwe koigonjetsera iyo yokha, osapanga AI yeniyeni. Poyambira posinthasintha paja pamathandiza, komanso yachinayi ikhale yobisika mpaka tsiku loyesa. Magulu awiri kapena atatu aluso kwambiri akhoza kufika pamwamba pakati pa semesita n'kukhala pansi, ndipo amenewa ndi amene ligi ndi chipulula zimawapatsa chogwirira ntchito. Ndiponso ntchito kwa mphunzitsi ndi yambiri chaka choyamba. Ameneyo ndi mtengo woyenera kulipira.

Nkhani ya nthawi yoganizira ndiyofunika kuikhalira pansi, pa makwerero ngakhalenso pa ligi. Ambiri amati pulogalamu iliyonse ipatsidwe sekondi imodzi kapena awiri pa kuponya kulikonse. Zimamveka zachilungamo, mpaka utaona laputopu mu Okutobala pa Ngabu, kunja kukutentha kupitirira madigiri 40. Fani ikulira osapuma, pansi pake sipakhudzika, ana aikweza pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa. Kompyuta ikatentha chonchi imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo pulogalamu imene m'mawa imaona patsogolo maulendo asanu ndi limodzi, masana ikuona asanu. Gulu loyesedwa mbandakucha ndi loyesedwa dzuwa lili paliwombo sanalembe mayeso amodzi. Magemu onse a malikisi achitikire pa kompyuta imodzi, ndipo ngati n'kotheka malire akhale kuchuluka kwa mabolodi amene pulogalamu yaloledwa kuyang'ana, osati masekondi. Izi zimathetsanso mkangano wa amene alemba m'chilankhulo cha kompyuta cha Python ndi amene alemba m'cha C++, pomwe liwiro la chilankhulo lingabise kuchepa kwa nzeru.

Kumufunsa mwana pamaso

Njira zonse zam'mwambazi zimayeza pulogalamu. Palibe imene yafika pa mwana. Chiyambireni ChatGPT mu Novembala 2022, code ya minimax munthu angaipeze m'mphindi imodzi, ndipo ngakhale kale lomwe m'gulu la anayi amene amalemba code amakhala mmodzi kapena awiri. Kawirikawiri mtsikana wa m'gulumo amauzidwa kuti iye alembe lipoti, anyamata akhale pa kiyibodi. Ligi singakuuzeni zimenezi.

Mphindi 15 pa gulu zimakuuzani. Ikani bolodi lenileni patebulo, yalani nkhomo mmene mwakonzera, lozani mwana mmodzi, osati amene wadzipereka: "Pulogalamu yanu apa iponya dzenje liti, ndipo chifukwa chiyani?" Wina mumuuze atsegule code n'kusintha kuti pulogalamu iziopa kwambiri kutha kwa nkhomo pa mzere wakutsogolo. Wina mumufunse chimene anayesa n'kukanika. Amene anagwiradi ntchito amayankha msanga kuti, "Aphunzitsi, tinayesa kuyang'ana maulendo asanu ndi atatu koma nthawi imatithera, ndiye tinayamba kusanja kuti iziyamba kuona zodya." Amene anangolembetsa dzina amayang'ana anzake. Mbiri ya Git, pulogalamu yosunga kusintha kulikonse kwa code, imathandizanso kuona amene analemba chiyani ndi liti, ngakhale tisaidalire yokha pomwe ana anayi akugwiritsa ntchito laputopu imodzi.

Magulu 30 ndi maola asanu ndi awiri ndi theka, masiku awiri a ntchito. Ngozi yake ndi kukondera, ndi kulanga mwana wamanyazi kapena wa Chingerezi chovutikira. Ofunsa akhale awiri, mafunso alembedweretu, ndipo mwana amene akufotokoza bwino m'Chichewa kapena m'Chisena pomwe wofunsa akumva, amusiye afotokoze. Tikuyeza AI, osati galamala.

Madala a pamsika

Dziko lonse limakumbukira kompyuta ya Deep Blue itagonjetsa katswiri wa chess Garry Kasparov mu 1997, ndi pulogalamu ya AlphaGo itagonjetsa katswiri wa Go Lee Sedol 4 kwa 1 ku Seoul mu Malichi 2016. Awari, mbale wake wa bawo wa kumadzulo kwa Africa, wa maenje 12 ndi mbewu 48, anamuwerengera mpaka kumapeto ndi makompyuta John Romein ndi Henri Bal ku Amsterdam mu 2002, napeza kuti onse awiri akasewera mosalakwitsa amafanana mphamvu. Bawo ndi nkhani yaikulu kuposa pamenepo: maenje 32, nkhomo 64, ndipo kuponya kumodzi kungasandulize bolodi lonse. N'zachidziwikire kuti ophunzira adzafuna kuyesa pulogalamu yawo pa munthu.

Aloleni. Mwana amakhala ndi laputopu pamiyendo, kompyuta ikanena dzenje iye amayendetsa nkhomo pabolodi, mdala akaponya iye amalowetsa m'kompyuta. Mdala sawerenga mokweza, chala chimangoyenda m'mwamba mwa maenje, kenako watola. Gemu ikatha amatha kunena kuti, "Mwanawe, makina akowa ngadyera. Akuthamangira zapafupi, nyumba aisiya pamtetete." M'mawu amenewo muli zimene gulu likasinthe pa kayezedwe ka bolodi, zimene buku silikanawauza. Koma malikisi asachokere apa. Munthu amatopa, amamvera ana chisoni, ndipo sangasewere ndi magulu 30 mphamvu zili chimodzimodzi. Akuluakuluwa aitanidwe mwaulemu ngati alendo olemekezeka, apatsidwe yoyendera ndi chakudya, ndipo aitanidwenso koyambirira kwa semesita, chifukwa malamulo a bawo amasiyanako malo ndi malo. Mfundo za nyumba, za kutakata ndi za pomwe nkhomo yagona zigwirizanidwe ndi kulembedwa gulu lisanalembe mzere umodzi wa code.

Kagawidwe kamene ndingalangize

Pa malikisi 100, ine ndingaike 40 pa makwerero, 30 pa kufunsidwa pamaso, mwana aliyense payekha, 20 pa lipoti ndi ukhondo wa code, ndi 10 yokha pa ligi. Khumi imeneyo igawidwe m'magawo atatu akuluakulu, apamwamba, apakati ndi apansi, osati malo ndi malo, popeza kusiyana kwa nambala 11 ndi nambala 14 nthawi zambiri ndi mwayi chabe. Kalasi ya magulu osapitirira 12 ichite ligi yathunthu, maola 44 a kompyuta angapezeke. Yaikulu kuposa pamenepo ichite Swiss. Amene akuphunzitsa chaka chachinayi, pomwe ana ndi okhwima, angakweze ligi kufika pa 20, koma osapitirira.

Pulogalamu yoyimbira masewero ndi ya mphunzitsi, ndipo iperekedwe kwa onse tsiku loyamba. Iyenera kunena chimene chichitike pulogalamu ikaponya zosaloledwa, ikafa pakati pa gemu, kapena ikapyola malire ake. Ine ndingati itaye gemu imeneyo yokha, osati mpikisano wonse. Iyeneranso kudziwa kuti ku bawo kuli kuponya kwina kumene sikutha, nkhomo zimangozungulira osagona. Ofufuza anasonyeza kuti zimenezi zimachitikadi, ndipo popanda malire kompyuta idzazungulira usiku wonse pa gemu imodzi. Gemu iliyonse ilembedwe m'fayilo, kuponya ndi kuponya, pamodzi ndi poyambira pake. Gulu likadzabwera kudzadandaula kuti laberedwa, mudzatsegula fayiloyo, n'kuyala nkhomo pabolodi, n'kubwereza nawo gemuyo kuyambira pachiyambi mpaka pomwe akuti panalakwika.